Atate Ankati Kwacha Dzuwa Likulowa

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti mwana wasukulu walota, koma sindinalote ayi, ndipo kabuku kamene ndinkalembamo tsiku ndi tsiku kalipobe pansi pa mabuku anga. Ine pagulu mawu amandithera pakhosi, ndiye chilichonse ndimauza kabukuko.

Ndinali giredi seveni pamene atate anagwa. Unali m'mawa, atangodzuka kumene, akumangirira khasu panjinga, ndipo ife tinangomva njinga kuti phi. Tinawapeza pakamwa patakhota, dzanja lamanja lili lende, mawu akutuluka ngati avumata madzi. Amayi ndi mlongo wawo, amalume anga, anayamba kaye kukangana ngati ndi zachipatala kapena za anthu, moti ngolo inanyamuka kuno ku Mlolo dzuwa litapendeka. Ku boma anati ndi sitiroko, ndipo anati tinachedwa.

Atabwerako, amayi anawagoneka m'chipinda chamkati n'kukhomera chitenje pazenera kuti anthu asamaone nkhope yawo. Munali mdima ngati m'nkhokwe. Apa m'pamene zinayambira. Tsiku lonse atate ankagona tulo tofa nato, ndiye dzuwa likamalowa ankadzuka n'kutifunsa mwaulemu kuti tadzuka bwanji, n'kupemphanso phala. Poyamba tinkaseka. Amalume ankayankha kuti ife tadzuka bwino, kaya akadzidzi anzawo. Koma nanga simukudziwa zimene anthu amanena za munthu wogona masana n'kuchezera ndi mdima? Ndikafika pachitsime nkhani zinkatha. Atate ndi mkamwini pamudzi pathu, kwawo ndi ku Zingalume, ndipo amalume anayamba kunena kuti mkamwini wosalima, woyenda ndi akadzidzi, abwerere kwa eni ake.

Madzulo ena ndikuchokera kotunga madzi, ndinaona atate akutuluka okha, khasu kudzanja lamanzere, akukoka mwendo. Njira ya kumunda kwathu imadutsa m'mbali mwa manda. Munthu ndi khasu, madzulo, kulunjika kumanda, inu mukanaganiza chiyani? Ndivomere, ngakhale ndikuchita manyazi polemba, kuti nanenso ndinaganiza zomwezo. Ndinatula ndowa n'kuwatsatira chapatali.

Kunja kunali kofiira konse, utsi wa m'midzi utagona pansi m'dambo, mbalame zikubwerera m'mitengo, ndipo atate ankayenda pang'onopang'ono ngati akuoloka mtsinje. Pamanda sanacheuke n'komwe. Anapitirira mpaka kumunda, n'kuima pafupi ndi chulu, maso ali padzuwa. Atandiona anamwetulira ndi theka la pakamwa, n'kundiyamikira kuti mwana wawo ndalawira, tidikire dzuwa likwere pang'ono kuti mame aume. Tinangodikira. Dzuwa linakhudza phiri, linatsala theka, kenako kachidutswa ngati khala lamoto. Atate anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundifunsa chifukwa chake dzuwa likubwerera kumene lachokera, ngati dziko likutha. Anayamba kulira ngati mwana. Anzanga, mantha awo anandilowa, moti kwa kanthawi inenso sindinadziwe ngati kukucha kapena kukuda, ngati ndaima pamunda kapena ndili m'tulo.

Pobwerera anthu anationa tikudutsa pamanda paja ndi khasu. M'mawa mwake amalume anagamula kuti Loweruka ngolo ipita kukawatula atate ku Zingalume, ndipo amayi anangoweramitsa mutu.

Mwayi wake, Lachinayi linali tsiku lobwerera kuchipatala. Anamwino atafunsa mmene atate akugonera, amayi, pobisa manyazi, anati akugona bwino. Ine ndinafuna kulankhula koma mawu anakana, ndiye ndinangotulutsa kabuku kanga n'kukaika patebulo. Munali zonse, nthawi yodzuka, nthawi yogona, chitenje chapazenera, ngakhale za dzuwa lobwerera. Anamwino anawerenga nthawi yaitali, kenako anaitana amalume amene anali panja ndi ng'ombe. Anatiuza kuti m'mutu mwa munthu aliyense muli wotchi imene imauza thupi nthawi yogona ndi yodzuka, ndipo ndi yomweyo imakweza kuthamanga kwa magazi m'mawa, n'chifukwa chake ambiri amagwa atangodzuka. Anati ubongo ukavulala wotchiyo imatha kusokonezeka, ndipo chimene chimaikonza ndi kuwala kwa m'mawa, kumene ife tinawatsekera ndi chitenje. Anatinso ubongo wovulala umafuna tulo ta nthawi yake kuti upeze mphamvu. Amalume anakanda m'mutu n'kufunsa ngati ndiye kuti alamu awo angofunika kuwayanika padzuwa ngati mphale. Anamwino anaseka n'kunena kuti eya, tsiku lililonse. Amalume anati za ku Zingalume adikira mpaka tikolole, osapitirira apo.

Chitenje ndinachichotsa ndekha. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ine ndi amayi tinkawatulutsa atate n'kuwakhazika pakhonde kuyang'ana kum'mawa, iwo akudandaula kuti tikuwadzutsa pakati pa usiku. Masana amayi ankawapatsa mtedza kuti asende ndi dzanja lamanzere, asagone, ndipo mankhwala ankamwa nthawi imodzimodzi. Chimanga chinamasula, chinabereka, chinayamba kuuma, atate akupemphabe phala madzulo, ine ndikungolemba ndi mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina tikusema mitengo yokonzera nkhokwe, ndinadzuka n'kupeza atate atakhala kale pakhonde, atadzitulutsa okha, dzuwa litangosuzumira. Amalume ankadutsa ndi nkhwangwa. Atate anawaitana n'kuwafunsa kuti alamu mwadzuka bwanji. Amalume anaima, anayang'ana dzuwa, anayang'ana atate, kenako anavula chipewa n'kuyankha bwinobwino, osatchula kadzidzi.

Dzanja lija silinachire mpaka lero, ndipo ndimaganiza kuti ngolo ikananyamuka m'mawa womwe uja, mwina likanagwira khasu. Ndimakhulupirira tsopano kuti atate sanali kuyenda ndi mdima, ife ndi amene tinawatsekeramo. Choncho wanu akagwa pakamwa patakhota, musayambe kukambirana, mangani ng'ombe. Ndipo akabwerako n'kukufunsani madzulo kuti mwadzuka bwanji, musathamangire kumupatsa dzina, yambani mwatsegula zenera.