Madzi a m'nyanja ndi kabichi wofiira ku Pfupajena

Mwana wanga wamkazi amaphunzira za nyanja. Ndikanena zimenezi pamsika wa ku Rimuka anthu amandiyang'ana ngati ndalawa kachasu, ndipo sindiwaimba mlandu. Kuno ku Kadoma nyanja tikaiona kuti? Madzi ambiri amene ine ndinawaonapo ndi a m'damu, ndi a mtsinje wa Mupfure mvula ikagwa yaukali. Ngakhale makolo athu amene anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito m'migodi anali a kumapiri, nsomba ankaidziwa itauma kale. Koma mwana wangayu, wobadwira m'kanyumba ka m'komboni, anapita ku yunivesite ya ku Joni, kumapeto kwenikweni kumene mtunda umathera, ndipo amakwera sitima yapamadzi kukatunga madzi amchere n'kumawayeza.

Bambo ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Ine ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo makina anga paokha sakanamufikitsa kumene anafikako. Amene anamulera ndi achimwene anga aakulu, okhala ku Pfupajena, ku Chegutu. Kwathu mwana ndi wa atsibweni ake, ndipo achimwene anausenza udindowo osanyinyirika. Mwanayo amawatchula kuti sekuru monga amachitira Ashona, pakuti ana a masiku ano ukawayankhula Chichewa amakuyankha m'Chishona. Ine mayi wake ndikhoza kulalata mpaka mawu kusasa iye osatekeseka, koma sekuru akangotsokomola amakhala pansi.

Atamaliza maphunziro ake, aphunzitsi ake anamupempha kuti abwerere akapitirize kafukufuku kwa zaka zina zingapo. Anabwera kunyumba nkhope ikuwala, koma anapeza achimwene atamupezera kale ntchito pa mgodi wina wa kufupi ndi Selous, yoyeza miyala m'labotale.

"Kuyeza n'kuyeza basi," achimwene anandiuza choncho pa foni. "Ayeze miyala, ili pafupi. Mwana wamkazi azingoyandama pamadzi a eni ake mpaka liti?"

Ndinapsa mtima moti ndinasoka kolala chagada. Ndinamuuza mwanayo kuti angonyamuka, ndi wamkulu, palibe angamumange miyendo. Iye anangoweramitsa mutu n'kunena kuti, "Amayi, sekuru akakana sindipita." Ankanena zoona, ndimamudziwa. Masiku otsatira ankadya ngati mbalame, kuseka konse kunatha m'nyumba. Tinapangana kuti Loweruka tipite ku Chegutu tikamve mawu omaliza.

Tsono pali mwambo wina kuno umene munthu wopita kunyanja sauthawa. Amayenera kubwerako ndi madzi. Anthu amati madzi a m'nyanja yamchere amachotsa minyama, amawaza m'nyumba, ena amasamba, ena amapita nawo kwa aneneri kuti awapempherere. Alamu anga, akazi a achimwene, anali atamuchonderera kale, ndipo mwanayo anabwera ndi chigubu chodzaza. Mbiri itamveka mu Rimuka, amayi anayamba kufika pakhomo ndi timabotolo tobisa m'zitenje, ati angodzandiona. Kundiona ine? Chiyambire liti? Chigubucho ndinachibisa kuseri kwa nsalu.

Loweruka m'mawa mwanayo anandituma m'tauni kukagula kabichi wofiira. Inde, ine mayi wake kutumidwa! Kabichi wake uja wa m'masitolo akuluakulu, amene sindinaonepo munthu wanzeru akumudya. Anamuduladula, anamuwiritsa pang'ono, masamba n'kutaya, madzi ake n'kuthira m'botolo.

"Iwe, mutu ukuyenda bwino? Tsogolo lako likupsa, iwe uli kalikiliki kuphika msuzi wopanda ndiwo?"

"Mukaona komweko, amayi."

Tinakwera kombi, chigubu chili pamiyendo panga, ine ndikuloweza mawu amene ndikawalase nawo achimwene.

Alamu anatichingamira pageti. Chigubu anachilandira ndi manja awiri atagwada, nthungululu ili pakamwa, n'kukachikhazika pakhonde ngati mlendo wolemekezeka. Achimwene anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala, chipewa chili pabondo. Tinalonjerana, tinamwa tiyi, kenako ine ndinatsegula pakamwa. Sindinafike n'komwe pakati.

"Chemwali, dikira. Mkamwa mwakomo ndimamudziwa kuyambira uli wakhanda. Ayankhule mwiniwake. Iwe mwana, kunyanjako ukufunako chiyani chimene kuno kulibe?"

Mwanayo anagwada pafupi nawo n'kufotokoza pang'onopang'ono. Anati utsi wa malasha, wa galimoto ndi wa m'mafakitale uli ndi mpweya wina umene umakwera kumwamba, koma wina nyanja imaumeza. Ukalowa m'madzi umasanduka asidi wofooka. Ntchito yawo ndi kutsitsa mabotolo ndi chingwe, ena pamwamba ena pansi penipeni, n'kuyeza kuti asidiyo akuchuluka motani chaka ndi chaka.

Achimwene anaseka m'mphuno. "Asidi? Mwana iwe, asidi ndimamudziwa ine. Nyale zimene tinkalowa nazo mumgodi zinali ndi batire la pachiuno, likadontha ovolosi imabooka, khungu n'kusupuka. Tabweretsa madziwo."

Atawathirira m'kapu, anaviikamo chala n'kulawa. Analawanso, maso ali kumwamba.

"Mchere wokhawokha. Asidi wakoyo ali kuti? Azungu akukupusitsa."

"Lilime silingamve, sekuru. Madziwo sanafike powawasa ayi, akungosendera pang'onopang'ono. Koma tizilombo ta zigoba timamva ife tisanamve."

"Chinthu chimene maso anga sanaone, sindingatayire mwana."

Achimwene akanena mawu otere ndiye kuti chitseko chatsekedwa. Koma mwanayo anadzuka, anatenga tambula yagalasi m'khitchini, anathiramo madzi a m'chigubu, kenako anatulutsa botolo lake lija n'kudonthezeramo msuzi wa kabichi.

Alamu anakuwa ngati aponda moto. "Mayo ine! Madzi opatulika mukuthiramo ndiwo? Madzi ochokera kutali chonchi?"

Madzi aja anasanduka a buluu. Mwanayo anatenga bolopeni, anasolola inki, n'kuwapatsa achimwene kapaipi kotsalako.

"Uziranimo, sekuru. Musamwe, muzingouzira."

Abale, ndikanakonda mukanawaona! Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, amene ana a mumsewu wonse amathawa akangomva nsapato zake, masaya ali tuu, madzi akuchita thovu, bwabwabwa. Anapuma, anatsokomola, anayambiranso, pakuti achimwene chinthu akachiyamba sachisiyira panjira. Aneba anayamba kusuzumira pampanda. Ndipo tonse tikuona, buluu uja anayamba kuzimirira, madzi n'kusanduka ofiirira ngati maluwa a jakaranda.



Alamu ndi amene anayamba kukuwa. Anabwerera m'mbuyo, manja ali kumutu. "Yesu wanga! Madzi aulula! Bambo, muli ndi chiyani m'thupi mwanu? Zaka zonsezi ndikugona ndi munthu wotani?"

Mayi wina wa pampanda anati, "Hii, minyama yeniyeni imeneyo!" ndipo ndinamva mapazi akuthamanga kukaitana ena. Achimwene anangoti kakasi, kapaipi kali pakamwa, maso ali pa tambula. Ine mkwiyo wonse umene ndinanyamula kuchokera ku Kadoma unasanduka phwete. Ndinaseka mpaka kugwa pampando.

"Ndinkanena ine! Kuumitsa mtima konseku, kani ndi ufiti!"

"Chemwali, usandiyambe," anatero achimwene. Anali ataopadi.

Mwanayo, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe, anatsuka tambula n'kukonzanso madzi ena. "Tsopano auzire mbuya," anatero akuwapatsa alamu, pakuti ndi mmene amawatchulira. Alamu anakana, anati iwo ndi munthu wa mapemphero, alibe chobisa. Achimwene anadzuka. "Uzira! Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu, uzira tione kuyera kwakoko." Alamu anatseka maso, ananong'ona kapemphero, anauzira. Madzi anasintha chimodzimodzi. Achimwene anaponya chipewa m'mwamba, munthu amene sindinamuonepo akuvina ngakhale paukwati wake, n'kuzungulira mtengo wa mapeyala akufuula kuti, "Mfiti inzanga! Mfiti inzanga!"

Ndinauzira ine, anasintha. Anauzira mayi wa pampanda uja, anasintha. Panafika bambo wina wovala mkanjo woyera wa kumapemphero, anati iye mpweya wake ndi wodzozedwa. Anauzira mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ndipo madzi ake ndi amene anafiira kuposa a tonse. Pabwalo panali chiphokoso ngati pa chinkhoswe. Alamu anaiwala zoti madzi awo akutha, anali iwo otsuka tambula ndi kuitana wotsatira.

Phokoso litachepa, mwanayo anati mpweya umene timatulutsa tikamapuma ndi womwewo umene uli mu utsi wa malasha ndi wa mafuta. Wa m'chifuwa mwa munthu si vuto, ndi wochepa. Koma wa makina a dziko lonse lapansi, usana ndi usiku, nyanja ikuumeza monga yachitira tambula ija. Kabichi amangoonetsa zimene lilime silimva, ndipo iwo kuntchito ali ndi makina oyeza bwino koposa. Anatulutsa m'thumba kachigoba ka nkhono ya m'nyanja n'kuwapatsa achimwene. Anati ku yunivesite amaweta tiana ta nkhono zoterezi m'mathanki. Tina amatiika m'madzi onga a lero, tina m'madzi onga amene akubwera utsi ukapanda kuchepa. Ta m'madzi achiwiriwa timavutika kumanga zigoba, timakula monyentchera. Ndipo nsomba zambiri zimadya tizilombo totere, anthu a m'mbali mwa nyanja n'kumadya nsombazo.

Aneba anabalalika mmodzimmodzi, akusekabe. Achimwene anakhalanso pampando, akutembenuza kachigoba kaja m'dzanja lawo lokhakhala. Ine, mwa chisomo cha Mulungu, ndinatseka pakamwa.

"Ndiye kuti nyanjayo ikudwala?" anafunsa achimwene.

"Ikudwala, sekuru."

"Ichira?"

"Sitikudziwa bwinobwino. Anthu akachepetsa utsi, matendawo sangakule msanga. N'chifukwa chake timayeza, kuti asamanene kuti sanaone."

"Nanga akuidwazika ndani?"

"Alipo a m'mayiko ena. Koma kumbali yathu ino ya Africa tilipo ochepa kwambiri."

Achimwene anapumira m'mwamba n'kundiyang'ana ine. "Chemwali, ukukumbuka mayi athu atagonekedwa m'chipatala? Unasiya makina ako, unagona pansi pa bedi lawo mpaka tsiku lomaliza. Amuna ako anabwera kudzadandaula kwa ine kuti kunyumba kulibe wophika. Ndinawayankha chiyani?"

"Munawathamangitsa."

"Ndinawathamangitsa." Anatembenukira kwa mwanayo n'kumugwira pamutu. "Miyala sidwala, aliyense akhoza kuiyeza. Pita, mwana wa mlongo wanga. Ukagwire ntchitoyo ndi mtima wonse, usakatichititse manyazi."

Mwanayo anawagwira miyendo akulira ndi chimwemwe. Alamu anaimba nthungululu mpaka agalu a mumsewu kuuwa. Ine ndinadzuka kuti ndivine, pakuti nkhondo ndinali nditapambana, ndipo ndinali nditakonzeka kuwakumbutsa achimwene za kupambanako mpaka imfa. Ndinakweza manja, ndinatsegula pakamwa, koma nthungululu inakana kutuluka. Masiku onse aja ndinkangoganiza zogonjetsa achimwene. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti akalola, m'nyumba mwanga mutsalanso ine ndekha, kwa zaka, mwana wanga mmodzi yekhayo ali pamadzi amene sindidzawaona.

"Ndiye akupitadi?" ndinafunsa, mawu atachepa ngati a kamwana.

"Aa! Si ndiwe unabwera ndi nkhondo pano?" anatero achimwene.

Ndinakhala pansi padothi, chitenje changa chatsopano chomwecho, n'kulira mokweza, kulira kwa chimwemwe ndi kwa chisoni pamodzi, osadziwa kuti kwambiri n'kuti. Mwanayo anandikumbatira akuseka ndi kulira. Achimwene anatsika pampando movutikira, mawondo akulira, n'kudzakhala pansi pambali panga. Nditawayang'ana ndinaona kuti maso awo afiira.

"Chepetsa, chemwali," anatero chapansipansi. "Usamalize misozi yonse wekha. Mwanayu ndi wanganso."