Bwato Kuseri kwa Khitchini

Chilumbacho tinachiona koyamba pa foni. Akazi anga amaphunzitsa ana a sitandade wani m'kalasi yodzaza mpaka pakhonde, ndipo sukulu zitatsekera mu Julaye anandiuza kuti akufuna malo kumene palibe munthu angawaitane kuti madamu. Chithunzi chinaonetsa mchenga woyera, mipando iwiri ndi madzi. Pansi pake analemba kuti kumeneko kuli bata. Tinakwera minibasi mpaka pa Benga, njinga zamoto mpaka kugombe, kenaka boti la injini la eni loji linatiwolotsa.

Chilumbacho n'chaching'ono. Mbali yoyang'ana kummwera ndi miyala yokhayokha, yoyera ndi zitosi za mbalame, ndipo mafunde amaimenya usana ndi usiku. Mchenga uli mbali imodzi yokha, ya kumpoto, kumene phiri limatchinga mphepo. Pamenepo ndi pamene anamanga loji: tinyumba tinayi ta udzu, malo omwera, khitchini kumbuyo, ndi njira yoyala miyala kuti alendo asamalowe ndi mchenga m'zipinda. Alendo sabata imeneyo tinali awiri tokha. Antchito anali atatu: manejala, mayi wophika ndi mlonda.

Pamchengapo panali chikwangwani cha Chingelezi chonena kuti gombelo lili ndi mwini wake, bwato lililonse lisakochezepo. Pamwamba pa mtengo womwewo panali kamera yoyendera sola. Ndinafunsa manejala, mnyamata waulemu wovala malaya osita bwino, kuti kamerayo ikuyang'ana ndani. Anati mwini loji amakhala ku Lilongwe ndipo amaona gombelo pa foni yake nthawi iliyonse akafuna. Ndinamufunsa kwawo. Anati kwawo ndi ku Bua, bambo ake anali msodzi.

Inenso ndinakulira ku Kanyenda, m'nyumba ya msodzi, choncho chikwangwanicho chinandikhumudwitsa tsiku loyamba lomwe. Kunyanja kuli lamulo limene silinalembedwe pena paliponse koma mwana aliyense amalidziwa. Munthu wothawa mphepo sakanizidwa gombe. Ukaona bwato likubwera ndi mafunde, umalowa m'madzi n'kugwira kutsogolo kwake, mafunso amabwera pambuyo. Umawapatsa moto ndi madzi akumwa. Ndinaonapo midzi yodana chifukwa cha maukonde obedwa ikukokerana mabwato tsiku la mphepo, mkangano n'kuupitiriza mawa lake. Pachilumbachi panali pothawirapo asodzi kuyambira kalekale. Maenje a mitengo ya mathandala oyanikira nsomba anali kuonekabe kuseri kwa tinyumba.

Mwera unayamba m'mawa wina titangomaliza kumwa tiyi. Umayamba ndi mzere wakuda pamadzi chakummwera, kenaka mafunde amachita thovu pamwamba, ndipo posakhalitsa mtunda suonekanso. Akazi anga ndi amene anaona bwato. Linkaonekera pamwamba pa funde n'kusowa, kuonekera n'kusowa. Munali amuna awiri. Wakutsogolo, bambo wa msinkhu wapakati, ankapalasa. Wakumbuyo, mkulu wa imvi wovala mzuli, ankawongolera ndi nkhafi kwinaku akukapa madzi ndi chigubu chodula. Tinamva pambuyo pake kuti anali munthu ndi mkamwini wake, ndipo anapita kukavuula maukonde a kampango amene anatchera dzulo lake.

Atazungulira mwala wa kumapeto n'kulowa m'madzi odekha, manejala anathamangira pamchenga akukupiza manja. Anawauza kuti abwerere, azungulire kuseri, kuli mpata pakati pa miyala. Mpata umenewo ndinali nditauona poyenda. Tsiku la bata mukhoza kulowetsamo bwato. Tsiku la mwera ndi mtondo wosinjiramo mabwato.

Mkulu uja sanasiye kupalasa. Anangofunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe mwana wa ndani?"

Manejala anatchula bambo ake, msodzi wa ku Bua, akukupizabe manja. Mayi wophika anatuluka m'khitchini, anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'madzi mpaka m'chifuwa. Anagwira bwatolo akunena kuti, "Fikani, malume, fikani." Ine ndi akazi anga tinalowanso. Tinalikokera pamchenga, madzi ali theka, maukonde ndi akampango angapo akuyandama m'katimo. Amuna awiriwo anakhala pansi akunjenjemera, milomo itachita phulusa.

Asanapume n'komwe, foni inalira m'thumba la manejala. Anali mwini loji. Anali ataona zonse. Tinkangomva mbali imodzi, inde bwana, inde bwana, ndamva bwana. Atamaliza anatiuza uthengawo maso ali pansi. Anthuwo akhoza kuotha moto kukhitchini, abwana si munthu woipa. Koma bwato lichoke pamchenga. Libwerere m'madzi kapena libisidwe kuseri kwa khitchini. Likangosiyidwa limodzi lero, mawa abwera ambiri, ndi ntchentche zawo, ndi fungo lawo, ndipo Loweruka kukubwera alendo ofunika.

Ndinapempha foniyo. Mwini loji anandilankhula m'Chingelezi chofewa, anapepesa kuti tchuthi changa chasokonezeka, anati akudziwa kuti ndinabwerera bata. Ndinamuyankha m'Chichewa kuti alendo pachilumba chake tilipo awiri, ndipo tonse tanyowa mpaka m'khosi pokoka bwato lomwelo. Ndinamufunsa ngati akuyiona mphepoyo pa foni yake, kapena kamera yake imaona mchenga wokha. Anati lamulo sangalisinthe chifukwa cha mlendo mmodzi. Anadula.

Mkulu uja atamva zonse anafotokoza za bwato lake mosakweza mawu. Linasemedwa ndi mtengo umodzi wa kumtunda. Mitengo ya msinkhu umenewo inatha m'midzi, yotsala ili m'nkhalango ya boma, ndipo wodula kumeneko amamangidwa. Bwatolo linkadyetsa nyumba ziwiri, yake ndi ya mwana wake wamkazi. Anati bwato lakale, lomwa madzi, silikokedwa pamiyala. Amaligubuduza pa migogo, zipika zoyala pansi. Anafunsa migogo imene inkakhala pansi pa mlambe, imene asodzi onse ankasiya pamenepo kuti aliyense wofika aigwiritse ntchito. Mlonda anati inawazidwa kalekale, ndiyo inkayaka pamoto wa alendo madzulo.

Mkuluyo anapempha kuti bwatolo lidikire pomwepo mpaka mphepo itagwa. Manejala anati mwera ungathe kuwomba mpaka Loweruka, ndipo sankanama. Foni inaliranso. Sanaiyankhe. Ananjuta pafupi ndi mkuluyo n'kunena kuti, "Madala, ndili ndi ana awiri. Likakhala pano ine ntchito yatha lero."

Ine ndinauza mkuluyo kuti asasunthe. Ndinati ndikhala pabwatopo ineyo ndi akazi anga, mwini loji akafuna abwere ndi boti lake m'mphepomo adzatichotse. Mayi wophika anati nayenso akhalapo. Zikanatheka. Palibe boti likanawoloka tsiku limenelo.

Mkuluyo ndi amene anakana. Anati wafika pagombe la eni, walandiridwa, wapatsidwa moto. Wolandiridwa sasiya moto m'nyumba ya womulandira. Sangadye nsomba podziwa kuti mwana wa msodzi mnzake wachotsedwa ntchito chifukwa cha iye. Apa ndi pamene mtima wanga umawirabe mpaka lero. Mwambo umodzi womwewo, mbali yoteteza mkuluyo anaikhomera chikwangwani, koma mbali yomumanga inagwira ntchito bwinobwino. Munthu wa ku Lilongwe uja sanafunike ngakhale kuudziwa. Unamugwirira ntchito ali pampando.

Tinatulutsa maukonde ndi nsomba, tinakapa madzi, tinayesa kunyamula. Tinali anthu asanu ndi awiri, koma bwato lomwa madzi kwa zaka limalemera ngati ng'ombe yakufa. Tinkalinyamula pang'ono, kuika pansi, kupuma. Akazi anga anakachotsa makushoni pamipando ya alendo n'kuwayala pamiyala. Manejala anatsegula pakamwa kuti aletse, akazi anga anamuyang'ana monga amayang'anira mwana wodya m'kalasi, anatseka. Tinadutsa njira yonse ya miyala choncho. Chotsala chinali sitepe yokwerera kuseri kwa khitchini, pamene amatayira madzi otsukira mbale. Panali poterera ndi sopo ndi mafuta. Mkamwini uja, yemwe manja ake anali atatha kale mphamvu ndi nkhafi, anaterereka. Kumbuyo kwa bwato kunagwera pa ngodya ya mwala.

Phokoso lake silinali lalikulu. Linali ngati nkhuni youma ikathyoka pabondo. Mng'alu unayambira kumbuyo n'kutsata mtengo mpaka pakati, pamene msodzi amakhala. Chala chinkalowamo.

Mkuluyo anagwada, anayendetsa chala chachikulu mumng'alumo kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Anati, "Basi." Kenaka anapempha madzi osamba m'manja ndi kumapazi, ndi malo oti aswalire, poti anali Msilamu, chifukwa dzuwa linali litafika pamutu.

Madzulo asanafike manejala anabwera ndi tiyi pa thireyi ya alendo ndi uthenga wina. Abwana amva chisoni. Akuti bwatolo lisiyidwe pachilumba, apereka kangachepe, aliika pafupi ndi malo omwera n'kudzalamo maluwa, chifukwa alendo amakonda zinthu zachikhalidwe zoterezi. Bwato lomwe m'mawa linkaipitsa mchenga, litasweka linakhala lokongola. Mkamwini anadzuka atakunga chibakera. Apongozi akewo anamugwira mwendo n'kumukhazika pansi.

"Ukawauze abwana akowo," anatero mkuluyo, "akafuna chokongoletsa adzandiimike ineyo pamchengapo. Mzuli ndili nawo kale."

Mayi wophika anaseka mpaka anagwira m'mimba. Manejala anabwerera ndi thireyi yake, tiyi anaiwala kusiya.

Mphepo inawomba masiku angapo. Amuna awiriwo ankagona m'khitchini, ndipo akampango awo ndi amene tinadya tonse, kuphatikizapo manejala. Mkuluyo sanalole kuti aliyense adye payekha. Ine ndi akazi anga sitinakhalenso pamipando ya pagombe. Tinkakhala kuseri, pa ndowa zovundikira, tikuonerera mkamwini akutsekera mng'alu ndi nsanza ndi zidutswa za chitini. Bata lomwe tinalipirira linalipo lambiri mbali inayo. Mchenga unali wosesedwa, wopanda phazi la munthu, kamera ikuuyang'ana.

Nyanja itadekha tinanyamula katundu tchuthi chisanathe. Potsitsa bwato mlonda anadula nthambi za mtengo n'kuziyala pansi, zomwe zikanatheka tsiku loyamba lija pakanakhala nthawi yoganiza m'malo mwa foni. Woyendetsa boti la loji, atabwera kudzatitenga, anamangirira bwatolo kumbuyo. Mkuluyo anakana kukwera nafe. Anakhala m'bwato lake njira yonse akukapa madzi, ndipo sanapume mpaka tinafika.

Kugombe la kumtunda anthu anasonkhana. Anaitana mmisiri wa mabwato. Analigudubuza, analigogoda ndi msana wa nsompho, anayang'ana mng'alu nthawi yaitali. Anati phula ndi malata zingaligwire padambo kapena pamtsinje. Kunyanja ayi. Funde loyamba lalikulu lidzalitsegula ngati nthochi. Anthu anatukwana mwini loji, ena anati apita kwa akuluakulu, ena anati chilumbacho chinagulitsidwa anthu ali m'tulo. Ineyo ndinalemba nkhaniyo nditabwerera kutauni n'kuitumiza kunyuzipepala. Ndinauzidwa kuti palibe amene anamwalira, ndipo bwato limodzi si nkhani.

Patapita miyezi ndinadutsa ku Benga pochokera kumaliro, ndipo ndinapatuka kukafika kugombe lija. Mkuluyo ndinamupeza pansi pa chisakasa akusoka ukonde. Sunali wake. Unali wa munthu wina wokhala ndi maboti a matabwa, amene amamupatsa mbale ya usipa tsiku lomwe maboti apha. Maukonde ake anagulitsa. Mkamwini wake anapita kukadula nzimbe ku Dwangwa, ndipo anatenga mkazi ndi ana. Mkuluyo sanalowenso panyanja chichokereni kuchilumba, chifukwa eni maboti amafuna anyamata a msana wolimba.

Ndinafunsa za bwato. Analoza ndi singano yosokera kuseri kwa nyumba ya udzu. Linali pansi pa mtengo wa mango, litafunditsidwa masaka. Anati akazi ake amaviikamo chinangwa cha kondowole. Ndinafunsa ngati silidontha.

"Limadontha," anatero, maso ali paukonde. "Koma chinangwa sichiopa kumira."