Mayi Thovu ndi Mtengo wa Mabulosi

Mumsewu monse palibe amene amakumbukira dzina lenileni la Mayi Thovu. Ntchito yawo ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo anaiyamba ali mtsikana, akuthandiza azakhali awo kuseri kwa hotela ina. Lero ali ndi kachipinda kawokawo kuseri kwa nyumba. Muli mabeseni akuluakulu, tebulo lositira, shelefu yodzaza makatoni a sopo, ndi makina ochapira okalamba amene amavina mpaka pakhomo akafika pofinya. Mukabweretsa malaya, mayiwa amayamba ayang'ana pachifuwa n'kukuuzani zimene munadya dzulo, kenako ndiye amalandira. Anthu amadandaula za pakamwa pawo, koma zovala amabweretsabe.

Mayi Thovu sasunga mkwiyo ndi munthu. Mdani wawo wa zaka zonse anali mmodzi yekha, mtengo wa mabulosi umene uli pafupi ndi zingwe zawo zoyanikira.

Mtengowo anaubzala amuna awo, amene aliyense amangowatcha Adalaivala chifukwa moyo wawo anauthera pa chiwongolero cha malole a maulendo ataliatali. Tsiku lina, ukwati udakali wauwisi, anatsika mu lole atanyamula kanthambi m'botolo la madzi, n'kukazika pafupi ndi mpanda. Kanthambiko kanakula mopanda manyazi. Ndiye nyengo yake ikafika, mbalame zimabwera ndi abale awo omwe. Mbalame ikakhuta mabulosi siyang'ana kuti pansi pali shati ya bwana kapena nsalu ya patebulo ya hotela. Imangosiya banga lakuda mofiirira, ndipo banga limenelo Mayi Thovu ankalichapa mpaka zala kuchita dzanzi.

"Mtengo wanuwu ndiudula ine!" ankakuwa motero amuna awo akangofika. "Mudzaupeza uli nkhuni!"

"Dulani, mayi," ankayankha Adalaivala akutafuna mabulosi, milomo ili bii. "Nkhwangwa ili kuseri kwa chitseko."

Nkhwangwa Mayi Thovu sanaigwire, koma anapeza nzeru ina: kuzilanda mbalamezo chakudya. M'mawa uliwonse wa nyengoyo ankayala pulasitiki pansi, n'kukwera makwerero, n'kumagwedeza nthambi uku akuzitukwana. Mabulosi ankadzaza ndowa. Anagawira aneba mpaka aneba anayamba kutseka mawindo akawaona akubwera ndi mbale. Kutaya chakudya kudzala mtima sunkalola. Ndiye anatenga sefa yakale ya pawindo, n'kuyalapo mabulosiwo, n'kuphimba ndi katani yopyapyala imene kasitomala wina sanabwerenso kudzatenga, n'kuika padenga la kachipinda kuti dzuwa lione chochita nawo.

Patapita masiku anawapeza atakwinyika, atada, akuoneka ngati zimene mbuzi imasiya m'njira. Analawa limodzi kuti atsimikize kuti ndi otaya. Eee! Kutsekemera konse kunali kutasonkhana pamodzi, kumapeto kuli kakuwawasa kodzutsa malovu, tinjere tikulira m'mano. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutapanso.

Chiyambire pamenepo anakhala katswiri. Anadziwa kuti ophwanyika ndi osayenera kuyanika, kuti amafunika kuwatembenuza, ndiponso kuti louma bwino ukalifinya silinyowetsa chala. Chaka china anachita changu, botolo lonse linachita nkhungu, ndipo anadandaula ngati wapsereza suti ya mwini. Mabotolo otseka bwino ankawabisa kuseri kwa makatoni a sopo, n'kumatapa pang'onopang'ono akamasita, chaka chonse. Kuwauza Adalaivala? Kuti apambane mlandu umene wakhala ukuzengedwa chikwatiwire? Ayi ndithu. Masana ankadya mtengowo, madzulo n'kuutukwana.

Zaka zinapita. Adalaivala anapuma pa ntchito, ndipo maondo a Mayi Thovu anayamba kukana makwerero. Nthambi za pamwamba zinabwerera kwa mbalame. Kumapeto kwa nyengo yathayi, mbalame ina yopanda khalidwe inasankha diresi la ukwati, loyera mbee, limene mwini wake ankalifuna mawa lake. Bangalo linachoka, koma Mayi Thovu anapsa mtima zenizeni. Osavula n'epuloni yomwe, anapita kwa bambo wina wodula mitengo wa kumapeto kwa msewu.

"Mubwere mudzaugwetse, ndi chitsa chomwe!"

"Makina anga adwala, mayi," anatero wodula mitengoyo. "Akangochira ndifika."

Makinawo asanachire, anadwala ndi Adalaivala. Chibayo chinawagoneka m'chipatala, ndipo za mtengo zija Mayi Thovu anaiwaliratu. Bambowo anatuluka chifuwa chitapepuka, koma chilakolako cha chakudya chinatsalira konko. Namwino amene ankabwera kudzawaona kunyumba anawatengera mayiwo pakhonde.

"Mayi, mankhwala agwira ntchito yake. Chatsala ndi chakudya. Akapitiriza kukana kudya tiwabwezera pa bedi lija, ndipo thupi limeneli silingapirire kachiwiri."

Mayi Thovu anaphika zonse zimene manja awo amadziwa: msuzi wa nkhuku, mazira, mpunga wofewa, nsomba yochotsa minga. Adalaivala ankalawa supuni imodzi n'kutembenukira kukhoma.

"Zikumveka ngati katoni, mayi. Pepani."

Mayi Thovu ananyengerera, anakalipa, anaopseza kuti aitana alamu awo. Sizinathandize. Munthu amene kale ankadzaza chitseko tsopano malaya ankangolendewera pa iye, ndipo amene ankawasita malayawo ndi amene ankaona bwino kuti mwini wake akutha. Mayi Thovu anachita mantha, mantha enieni. Ankalowa m'kachipinda kawo, n'kuyatsa makina kuti phokoso libise kulira kwawo.

Masana ena analowa kuchipinda ndi mbale imene ankadziwa kale kuti ibwerera yodzaza. Anapeza amuna awo akuyang'ana pawindo. Mtengo unali chiimire, wopanda n'chipatso chimodzi chomwe, pakuti nyengo inali itadutsa kalekale.

"Chikhala kuti ndi nthawi yake," anatero Adalaivala motsitsa mawu. "Bulosi limodzi lokha pa lilime, mwina pakamwa pakanadzuka."

Mbale ija sakumbuka pamene anaiika. Anathamanga mayi wamkulu, maondo aja ataiwala kuti amapweteka. Makatoni a sopo anagwa uku ndi uku. Anatulutsa botolo, n'kuimbira namwino foni akupuma mwawefuwefu.

"Mabulosi ouma? Apatseni!" anatero namwinoyo. "Koma pang'onopang'ono, mayi. Chipatso chikauma shuga wake amachulukana, ndiye kadzanja kamodzi n'kokwanira. Muyambe mwawaviika kuti afewe. Si mankhwala, ndi chakudya, ndipo amathandiza m'mimba kuyenda bwino. Akatsegula pakamwa, mulowetserepo ndi zina."

Anawaviika m'madzi ofunda. Mabulosi anafufuma, madzi n'kusanduka mtundu womwe uja umene akhala akulimbana nawo moyo wawo wonse, ndipo kwa nthawi yoyamba anauona kukongola. Anawanyenya ndi supuni, n'kusakaniza mu yogati, n'kupita nawo kuchipinda.

Adalaivala anayang'ana m'mbalemo. Ananunkhiza. Supuni yoyamba inalowa. Bambowo anatseka maso, akutafuna tinjere tija pang'onopang'ono. Supuni yachiwiri inalowa. Kenako anachotsa supuniyo m'manja mwa akazi awo n'kuyamba kudya okha, mpaka kukokota.

"Mwawapeza kuti nyengo ino?"

"Idyani, bambo. Mafunso ndi a apolisi."

Atatuluka panja, Mayi Thovu anavina okha pakati pa zingwe zoyanikira, mbale yopanda kanthu ili m'mwamba. Neba wina anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati kwabadwa mwana.

"Adya! Amaliza mbale yonse, ndikukuuzani!"

Kuyambira tsiku limenelo khitchini inatentha. M'mawa ankaponya mabulosi m'phala la mkaka, n'kubisamo dzira. Masana ankawawiritsa ndi madzi pang'ono, opanda shuga, mpaka achite phalaphala, n'kupaka pa buledi. Ena ankawadula n'kuwasakaniza ndi mtedza wosinja, ena ankalowa m'mabanzi. Madzi oviikira aja sankataya, ankawapatsa m'kapu. Pakamwa patadzuka, msuzi wa nkhuku uja unapeza njira, mpunga nawo unatsatira. Adalaivala anayamba kukhala tsonga pa bedi, kenako anayamba kudandaula kuti mchere wachepa, ndipo Mayi Thovu anasangalala ndi dandaulo limenelo kuposa mphatso iliyonse. Koma kuimirira okha anali asanayambe.

M'mawa wina Mayi Thovu ali pa tebulo lositira, bulosi lili m'tsaya, anamva chiphokoso kuseri kwa nyumba. Vruuu! Makina odulira mitengo! Anazimitsa simbi n'kutuluka ngati wapsa.

Wodula mitengo uja anali ataima pansi pa mtengo, makina akufuka utsi, iye akumwetulira.

"Makina achira, mayi! Tiyambire nthambi iti?"

"Zimitsani! Zimitsani chinthu chanucho!" Anakaima pakati pa makina ndi mtengo, manja atatambasula. "Mukangokhudza tsamba limodzi, ndikuchapani ndi kukusitani pompano!"

Bamboyo anazimitsa makina, kukamwa kuli yasaa. "Koma mayi, si inu munati ndi chitsa chomwe?"

"Ndinati! Pakamwa ndi panga, mtengo ndi wa amuna anga. Nanga chilichonse chimene munthu wanena atakwiya inu mumabwera nacho ndi makina?"

"Achimwene, pepani mwavutika ulendo."

Mawuwo anachokera kumbuyo. Mayi Thovu anatembenuka. Adalaivala anali ataima pakhomo, okha, wopanda wowagwira, zovala zogonera zikukupiza, mbale ya phala ili m'manja. Anatsika sitepe. Anayenda pang'onopang'ono, kudutsa pansi pa nsalu zoyanikidwa, mpaka anafika n'kutsamira mtengo wawo.

"Mayiwa sangaudule," anauza wodula mitengoyo. "Akhala akuudya chaka chonse, kuyambira kalekale."

"Inu! Ndani anakuuzani bodza limenelo?"

"Lilime, mayi." Adalaivala anali akuseka, kuseka kwawo kwakale kuja. "Munthu wondikalipira tsiku ndi tsiku, lilime lake ndingalephere kuliona? Mtengo ulibe chipatso, koma lilime lili bii. Ndinangoti ndisanene, mungasiye kudya."

Mayi Thovu anagwira pakamwa, koma mochedwa ndi zaka zambiri. Anafuna kukalipa. Koma chimene chinatuluka pakamwa ndi kuseka, misozi ili chuchuchu, chifukwa munthu amene ankaopa kuti amuika m'manda anali ataima padzuwa ndi miyendo yake, akuwanyoza. Wodula mitengo ananyamula makina ake mwakachetechete, akupukusa mutu.

"Ndiye zaka zonsezi mumandiyang'ana m'kamwa, osamva zimene ndikunena?"

"Ndinkamva zonse, mayi." Adalaivala anawapatsa mbale ija. Inali yokokota mpaka pansi. "Kuseri kwa sopo kuja kwatsala botolo? Onjezerani."