A Luhanga ndi Belu Lokwiririka mu Mchenga

A Amock Luhanga anagwira ntchito ya mipope pa chipatala cha mishoni mpaka imvi zinadzaza mutu. Mpope ukaphulika, thanki ikamadontha, injini yopopa madzi ikakana kulira, woitanidwa anali iwo. Phokoso la injiniyo ndi limene linawawononga makutu. Pamene ankapuma pantchito n'kubwerera kwawo ku Henga, khutu lakumanzere linali litafa, ndipo lakumanja linkamva pokhapokha munthu akakweza mawu.

Kumudzi ankalima chimanga ndi nthochi pamodzi ndi akazi awo a Dinah, amene aliyense amawaitana NyaHarawa. Mpingo unawapatsa ntchito yoimba belu. Linali belu la mkuwa, lalikulu ngati ndowa yotungira madzi, lopachikidwa pa nthambi ya mkuyu kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi mtsinje wotsika kumapiri a Nyika. A Luhanga ankalikonda, mwina chifukwa linali m'gulu la zinthu zochepa zimene ankazimvabe bwinobwino.

Chaka china, m'mwezi wa Marichi, mvula inakakamira kumapiri. Mtsinje unasefukira, unagumula gombe, mkuyu uja unazuka n'kupita ndi madzi. Madzi ataphwa mtengowo unapezeka kumunsi utakodwa m'miyala, koma nthambi ya belu inali itathyoka. Amuna a mumpingo anayenda m'mtsinje akubaya mchenga ndi mitengo yosongola, mpaka anatopa nazo. M'malo mwa belu anapachika limu ya tayala la lole. A Luhanga ankaimenya ndi chitsulo Lamulungu lililonse osadandaula, koma akabwerera kunyumba ankangokhala pakhonde, maso ali kumtsinje.

Mwana wawo Caroline, mphunzitsi wa sekondale cha ku Phwezi, ndi amene anawaonetsa pa foni anthu akunja akuyenda m'madzi ndi makina ofufuzira zitsulo. A Luhanga anaonera kanemayo mobwerezabwereza.

"Zimenezi ku Mzuzu zingapezeke?" anafunsa.

"Kuli munthu wina, dzina lake Joel, amaoda katundu ku Tanzania," anatero Caroline, atawayandikira ku khutu lakumanja. "Amagulitsa kwa anthu ofuna golide. Ndalankhula naye kale, adada. Akuti mubwere ndi mchenga wa mumtsinje wathu."

Ana onse anagwirizana kuti awagulire bambo awo makinawo. Motero a Luhanga anakwera minibasi ndi Caroline, atanyamula kathumba ka mchenga wakuda pamiyendo, m'thumba la jekete muli kampopi kakale ka mkuwa.

Joel anali mnyamata wa ku Ntcheu, wolankhula mofatsa. Anatulutsa makina atatu n'kuwayala kuseri kwa sitolo yake. Anakhuthulira mchenga uja m'beseni, anakwirira kampopi pansi, n'kuthira madzi pamwamba.

Makina oyamba anali okongola, a ndodo yaitali, okhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Atangowayandikiza pa beseni anayamba kulira paliponse, ngakhale kumbali kumene kunalibe kanthu.

"Mwaona chimene ndinaitanitsira mchenga," anatero Joel. "Mchenga wakuda uli ndi tizitsulo take, ndiye makina ena amasokonezeka nawo. Komanso awa, cholowa m'madzi ndi mbale yapansiyi yokha. Mukaterereka n'kugwa nawo, basi afa."

Achiwiri anali otha kumira onse, ndipo mchengawo sunawasokoneze. Koma ankalira kudzera m'mahedifoni okha. A Luhanga anawavala, Joel n'kudutsitsa mbale pamwamba pa kampopi.

"Mwamva, bambo?"

A Luhanga anapukusa mutu. Joel anakweza mawu mpaka pamapeto, moti Caroline ankamva kulirako ali chapatali. Bambo ake anangomwetulira n'kuvula mahedifoniwo.

Achitatu anali aafupi, achikasu, osaoneka bwino. Joel anati anthu a golide sawafuna chifukwa safika pansi kwambiri ndipo saona tinthu ting'onoting'ono. Koma ankamira onse, ndipo akapeza chitsulo chogwirira chake chinkanjenjemera, kanyale kofiira n'kuyaka. A Luhanga anawagwira, anawayendetsa pa beseni pang'onopang'ono, ndipo atafika pa kampopi dzanja lawo linaima lokha.

"Awa ndi anga," anatero.

"Koma ndikuuzirenitu, muzitopa nawo," anachenjeza Joel. "Sasankha. Msomali, chitini, waya, chilichonse azinjenjemera."

"Chimene ndikufuna ine n'chachikulu, mwana wanga. Ndipo sindikuthamangira kulikonse. Yewo chomene," anathokoza m'chinenero chakwawo.

Anadikira mpaka chilimwe, madzi atatsika kufika m'maondo. M'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu, ankavala kabudula ndi nsapato zakale za tenesi n'kulowa m'mtsinje. NyaHarawa sankawalola kupita okha. Ankakhala pagombe ndi lichero la mtedza akusenda, ndipo akafuna kuwaitana ankaponya kamwala m'madzi kutsogolo kwawo, popeza kukuwa kunali kungotaya mawu.

Masiku oyamba anthu ankadzaza m'mbali mwa mtsinje. Mphekesera inali yoti a Luhanga akufuna golide, ena ankati ndalama zakale za azungu. Koma ataona kuti chotuluka m'madzi ndi zitini za nsomba ndi mawaya, anabalalika mmodzimmodzi.

Zina zotuluka zinali zothandiza ndithu: makasu, mipeni, tcheni cha njinga, mpeni wa pulawo, supuni zosawerengeka. A Luhanga ankazitsuka, Lamulungu n'kuziyala pakhonde la tchalitchi kuti eni ake atenge. A Hezron Msiska, mlimi wa ng'ombe wa kutsidya, anazindikira nkhwangwa ya malemu bambo awo chifukwa cha m'mene inabenthukira. Anaigwira nthawi yaitali, kenako anapita kukagwira chanza a Luhanga ndi manja awiri.

Belu lokha silinkaoneka. A Luhanga anafufuza malo onse ozungulira pamene mtengo unakodwa, anatsika kumunsi mpaka pa mlatho, osapeza kanthu. Msana unayamba kuwawa, mapazi anang'ambika ndi madzi. Tsiku lina akupuma pamthunzi, NyaHarawa anawafunsa chimene ankafufuzira kumunsi kokha.

"Mtengo umayandama, koma belu n'lolemera," anatero. "Ine ndikuona kuti linagwa kale mtengo usanafike kutali."

A Luhanga anawayang'ana akazi awo, anaseka, n'kunyamula makina kubwerera kumtunda.

Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene anafika pa khona la mtsinje pafupi ndi tchalitchi penipeni. Kale panali dziwe, koma chigumula chinalidzaza mchenga. Chogwirira chinanjenjemera, ndipo sichinasiye. Anasuntha mbale kumanja, kumanzere, kanyale kali chiyakire. Anaika makina pamwala, anagwada m'madzi n'kuyamba kufukula ndi fosholo, kenako ndi manja. Mchenga unkabwereramo pamene akuchotsa. Dzanja litalowa mpaka m'phewa, zala zinakhudza unyolo, ndipo pansi pa unyolowo panali chinthu chosalala, chozungulira.

Anadzuka pang'onopang'ono, madzi akuchucha m'malaya.

"NyaHarawa," anatero, "kaitaneni a Msiska. Abwere ndi ng'ombe."

Ntchito yolitulutsa inatenga tsiku lonse lotsatira. Amuna anatchinga madzi ndi matumba a mchenga, anakumba mozungulira, anamanga zingwe pa unyolo, ng'ombe za a Msiska n'kukoka. Belu linatuluka lakuda, lodzaza matope. Amayi amene anaima pagombe analuluta, wina n'kuyambitsa nyimbo.

Atalitsuka anapeza kuti kachitsulo kogunda m'kati kanasowa, ndipo m'mlomo mwake munali mng'alu wotalika ngati chala. A Luhanga anaboola kabowo kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, monga ankachitira ndi matanki a kuchipatala, n'kusula kachitsulo kena. Mpingo unazika mizati iwiri yachitsulo kutsogolo kwa tchalitchi, kutali ndi gombe. Lamulungu loyamba belu litalira, anthu anagwirizana kuti mawu ake asintha. NyaHarawa anati likulira ngati lili ndi chimfine. Palibe amene anapempha kuti limu ya lole ibwerere.

Mvula isanayambe, kunabwera mlendo pa njinga yamoto, a Laws Chirambo a ku Mwazisi. Anati injini yothirira mbewu ya kalabu yawo inamira m'dambo chaka chatha, ndipo anamva za makina a a Luhanga.

"Ku Mwazisi kuja kuli mvuu," anatero NyaHarawa amuna awo asanayankhe. "Awa m'madzi amenewo salowamo."

"Amama, dambo lake lili kutali ndi Vwaza kumene kuli mvuuzo," anatero a Chirambo. "Ndipo olowa m'madzi ndife eni ake. Iwo adzangotionetsa kagwiridwe kake."

NyaHarawa anaganiza pang'ono, kenako anati apite, koma iwonso apita nawo. Anakhalako masiku angapo kwa achibale a a Chirambo. Injiniyo inapezeka, ngakhale inali itachita dzimbiri moti sinalirenso. Pobwerera anawapatsa thumba la nyemba ndi tambala, ndipo sabata yomweyo a Luhanga anapukuta makina awo, anawakulunga m'chitenje, n'kuyamba kukonza mizere kumunda.