Ababa M'bwalo la Mpira wa Magalimoto

Chaka chimene ababa anadwala sitiroko ndi chaka chimene ndinadziwa kutopa kwenikweni, kuja kodzuka nako m'mawa ngati sunagone n'komwe. Ndinkaphunzitsa pa sekondale ina ku Balaka. Ababa ankakhala okha ku Liwonde chimwalirire amayi. Atatuluka m'chipatala, mbali yakumanzere ili lende, achimwene anga anakhala pansi n'kugwirizana mwaulemu kwambiri kuti wodwala amasamalika bwino kwa mwana wamkazi. Anandithokozeratu, n'kukwera basi kubwerera kutauni. Ababa ndinawatenga, koma sanabwere okha. Anabwera ndi minibasi yawo.

Minibasiyo inali yoyera kalekale. Anaiyendetsa kuyambira ndili mwana, pakati pa Liwonde ndi Balaka, itadzaza amayi a madengu a matemba ochokera ku Chiuta, aphunzitsi ochedwa kuntchito, nkhuku, ndi matumba a mpunga. Amene anaibweretsa ndi kondakitala wawo wakale, bambo wa imvi kale nayenso. Anaiimika pansi pa mtengo wa nimu pakhomo panga, ndipo makiyi anandipatsira kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, awa musawapatse," anatero.

Nkhondo yathu yonse inali ya makiyi amenewo. Miyezi itapita mwendo unayamba kumvera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanzere linatsalira. Linkagwira kapu bwinobwino, kenako n'kuiwala kuti lagwira kanthu. Nthawi zina linkachita zosiyana, kugwira n'kukana kusiya. Tsono dzanja lamanzere ndilo la giya, ndipo mwendo wamanzere ndiwo wa kilachi. Mayi wa mafizo kuchipatala ananena mosapsatira kuti pamsewu asabwererenso. Ababa anati munthu amene sanayendetsepo ngakhale wilibala sangawauze za msewu.

M'mawa uliwonse, ndikuvala nsapato, mawu anali omwewo.

"Aphunzitsi, makiyi anga."

Ankanditchula choncho akakwiya.

"Ababa, yambani mwachira kaye."

"Ndinachira kalekale. Ukufuna ndiwolere pakhonde pano ngati dzungu?"

Makiyi ndinkapita nawo kusukulu m'chikwama. Ndikabwerako ndinkapeza zovala zanga zatembenuzidwa, mabokosi atsegulidwa, ngakhale thumba la mpunga lapisidwa dzanja. Ndinkakwiya, ndipo sindinkabisa. Ndinali nditachapa, kuphika, kuwakumbutsa mankhwala, kuwatenthetsera madzi, malipiro ake n'kutchedwa wakuba m'nyumba mwanga momwe. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Ndinkaona minibasi yodzaza anthu ikutsikira pamlatho wa Shire, pamene pamadzazana akabaza ndi ogulitsa nsomba, dzanja lija litaiwala ntchito yake.

Gemu ija ndinaidziwira kwa ana asukulu. M'chipinda cha makompyuta, m'malo mochita zimene awatuma, ankatsegula tsamba lina la pa intaneti pamene timagalimoto timasewera mpira. Sipafunika kuika chilichonse mu kompyuta, umangotsegula tsambalo basi wayamba, n'chifukwa chake kuwaletsa kunali kovuta. Ndinawathamangitsa kangapo ndi mawu akuthwa. Kenako tsiku lina titaweruka, ndisakufuna kupita kunyumba kukamva za makiyi, ndinakhala pansi ndekha n'kulitsegula.

Ndi bwalo lotchingidwa mbali zonse ngati khola, mpira wake waukulu kuposa galimoto. Magalimoto ali matimu awiri, ofiira ndi abuluu. Mpira ukangoyamba onse amathamangira pakati, kugundana, kudumpha, kukwera makoma, aliyense kulimbana kuti aukankhire m'golo. Oyendetsa magalimoto enawo ndi anthu enieni a kwinakwake amene sudzawaona. Galimoto ikagundidwa imagubuduzika, kenako yadzuka, yopanda ngakhale kokandika. Ndikuganiza kuti n'chimene ndinaikondera. M'menemo chinthu chikawonongeka chinkabwerera mwakale nthawi yomweyo, osafuna mafizo.

Katswiri sindinali. Ndinkagoletsa mwangozi, nthawi zina kugolo kwathu komwe. Komabe ndinayamba kubwera ndi laputopu kunyumba, ndipo dzuwa likapendeka, ntchito zitachepa, ndinkakhala pakhonde kuwononga bandulo. Kwa kanthawi kochepako palibe amene ankafuna kanthu kwa ine.

Loweruka lina ndinangomva kupuma kumbuyo kwanga.

"Akuyendetsa chonchi ndani?"

"Ndine, ababa."

"Laisensi anakupatsa ndani?"

"Ndi masewera chabe."

"Suntha."

Ndinasuntha. Ndinawaonetsa kuti galimoto imayendetsedwa ndi mabatani anayi: kutsogolo, kumbuyo, kumanzere, kumanja. Alipo a mivi mbali ya kumanja, aliponso a zilembo mbali ya kumanzere, ntchito yake imodzimodzi. Ndinatenga dzanja lawo labwino kuliika pa mivi. Analichotsa.

"Ukundiyesa wopuwala?"

Anakweza lamanzere lija n'kuliyala pa zilembo.

Mpira unayamba. Magalimoto onse anathamangira pakati ngati oitanira aona pasinjala, koma ya ababa inangoima. Anadikira onse adutse, n'kunyamuka pang'onopang'ono, kutsata khoma, mbali yakumanzere ngati pamsewu. Atafika pangodya anaima.

"Indiketa ili pati?"

"Palibe."

"Hutala?"

"Palibenso."

"Ndiye n'chifukwa chake akupangana ngozi chonchi."

Kenako mpira unagubuduzika kubwera kwa iwo, pafupi penipeni ndi golo la adani, goloboyi kulibe. Ndinakuwa kuti augunde. Ababa anaponda buleki n'kuusiya udutse.

"Mpira ukadutsa pamsewu, kumbuyo kwake kumabwera mwana," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Anzathu a m'timu anayamba kulemba timauthenga pakona ya sikirini, m'Chingerezi chimene sindingabwereze pamaso pa kholo.

"Akuti chiyani?"

"Akupereka moni."

"Uwayankhe. Uwauzenso achepetse liwiro."

Ndinaseka mpaka misozi. Panali patapita miyezi ndisanaseke m'nyumba imeneyo, ndipo nthiti zinandipweteka.

Kuyambira pamenepo laputopu inakhala yawo. Ndikangofika pageti ankakhala atakoka kale tebulo. Sanagoletsepo ngakhale kamodzi, ndipo timu iliyonse imene inawalandira inaluza. Iwo sankawerengera zimenezo. Nthawi ikatha galimoto yawo isanakhudzane ndi ina, ankatsamira pampando n'kunena kuti, "Tafika bwino." Ena akawagunda, ankawalalatira ndi mawu a pasiteji, theka m'Chichewa theka m'Chiyao, mpaka oyandikana nafe kusuzumira pampanda. Magetsi akathima batire n'kutha, ankati galimoto yathera mafuta panjira chifukwa cha bwana wosasamala, bwanayo ndine.

Munthu amene ankakana kufinya kampira kamene anamupatsa kuchipatala tsopano ankagwiritsa ntchito zala tsiku ndi tsiku popanda womukakamiza. Ndinakondwa. Ndinayesa ndapeza njira yowaiwalitsira minibasi. Ndinali nditadzikumbira ndekha dzenje.

"Waona?" anatero tsiku lina, akugwedeza zala pamaso panga. "Magalimoto amisala onse aja, palibe imene ndaigunda. Pamsewu wa Liwonde pali amisala ochuluka chonchi? Makiyi."

Tsopano anali ndi umboni. Anatumiza uthenga kwa kondakitala uja kuti abwere adzapope matayala ndi kukatchajitsa batire. Bamboyo anabwera, maso ali pansi, chifukwa munthu amene wagwira naye ntchito zaka zonsezo sungamukanire pamaso. Ndinaimbira achimwene. Wamkulu anati ndiwalankhule bwinobwino ababa, asakwiye, kuthamanga kwa magazi kungakwere. Ndinadula foni ndisananene chimene chinali pakamwa panga. Ndinali nditatopa moti masiku ena, ndikuyenda kuchokera kusukulu m'fumbi lija, ndinkaganiza zongowaponyera makiyiwo, chichitike chichitike.

Tsiku lina kunali kotentha, kutentha kwa ku Balaka mvula isanagwe, kumene ngakhale nkhuku zimayasamula. Ababa ankasewera pakhonde, ine ndili pambali ndikuchonga mapepala a ana. Galimoto ina yofiira inaima chiimire patsogolo pawo, mwina mwini wake anadzuka kukamwa madzi. Ababa anaiyandikira monga ankachitira nthawi zonse, kuti aime kumbuyo kwake, asiye mpata. Ndinakweza maso chifukwa ndinamva akupuma mwachilendo.

Chala chinali pa batani lopitira kutsogolo, ndipo chinakana kuchoka. Ndinachiona ndi maso anga chikukanikiza, chikhadabo chitayera. Nkhope yawo yonse inkachiuza kuti chinyamuke, koma icho ayi. Galimoto inawonjezera liwiro n'kukaigunda yofiira ija m'nthiti. Yofiirayo inagubuduzika kawiri konse mpaka kukhoma, ya ababa ikukankhabe, matayala akuzungulira.

Anatenga dzanja lamanja n'kunyamula lamanzere kulichotsa pa mabatani, ngati mmene umachotsera mwana pamoto. Analiika pamwendo.

Galimoto yofiira ija inadzuka n'kuthamangira mpira ngati palibe chachitika. Ya ababa inangoima pomwepo. Dalaivala akachita ngozi sasuntha galimoto mpaka atrafiki abwere, ndipo iwo sanaisunthe.

Miyezi yonseyi ndinkafuna chinthu choti chiwatsimikizire kuti sangayendetsenso. Chitabwera, ndinadzimva ndikunama.

"Ndi netiweki, ababa. Imachita choncho ikamadukaduka."

"Iyayi."

"Zimandichitikira ngakhale ine."

"Iyayi, mayi. Netiweki ndimaidziwa." Analoza galimoto yofiira ija. "Munali anthu angati m'menemo?"

"Mulibe anthu. Ndi gemu."

"Unanena wekha kuti amayendetsa ndi anthu enieni."

Mpira unapitirira, magalimoto akudutsa uku ndi uku, ena akuwagunda pamene anaimapo. Iwo sanalalate.

"Pamlatho paja," anatero motsitsa mawu, "ndimaima chonchi kumbuyo kwa akabaza. Amakhala atanyamula mayi ndi mwana kumsana."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Chakudya chamadzulo anangochilawa.

M'mawa mwake ndikuvala nsapato anaima pakhomo la chipinda changa, atavala malaya awo a ntchito.

"Mwanangu, makiyi."

Sanati aphunzitsi. Ndinawayang'ana, ndipo sindikudziwa chimene ndinaona, koma ndinatsegula chikwama n'kuwapatsa. Kusukulu sindinapite. Ndinakhala pakhonde kudikira kumva injini.

Injini sinalire. M'malo mwake kunabwera kondakitala uja ndi jeke. Anachotsa batire n'kuilowetsa m'nyumba. Kenako anayamba kukweza galimoto mbali imodzi imodzi, ababa akuloza pamene aike miyala. Anasankha okha miyalayo kuseri kwa bafa, yafulati, akuikana ina kuti ingaterereke. Matayala anawagubuduzira m'chipinda chosungira makala. Aliyense wa pasiteji amadziwa tanthauzo la minibasi yokhala pamiyala. Kondakitala anagwira ntchito yonseyo osatukula mutu, ndipo atamaliza anakana tiyi.

"Matayala amawonongeka galimoto ikaima nthawi yaitali," ababa anandiuza, ngati ndawafunsa. Makiyi anawaika m'thumba la malaya, ndipo anakhala m'menemo.

Ndinali nditapambana. Zovala zanga zinasiya kutembenuzidwa, m'mawa munakhala bata. Koma kutopa sikunachoke, kunangosintha malo. Ababa anayamba kukhala pansi pa nimu tsiku lonse, msana atatsamira minibasi, osakangana ndi munthu. Mankhwala ankamwa osawiringula. Ndinazindikira kuti ndikusowa munthu uja amene ankanditcha wakuba. Laputopu ndinkabwera nayo ndithu, kuiika patebulo mowonekera, koma sankaiyang'ana. Nanenso gemu ija inandikola. Ana asukulu ndikawapeza akusewera ndinkangotseka chitseko n'kubwerera, mphamvu yowakalipira ndinalibe.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe, anabwera pakhonde n'kukoka tebulo.

"Tatsegula zamagalimoto zija."

Ndinatsegula mofulumira. Anayala dzanja lamanja pa mivi, lamanzere lili pamwendo. Mpira unayamba, onse anathamangira pakati. Ababa anadikira adutse, n'kunyamuka pang'onopang'ono kutsata khoma lakumanzere. Atafika pakatikati anakhotera m'mbali, anawongola galimoto bwinobwino, n'kuima. Anachotsa dzanja pa mabatani n'kupinda mikono.

Timauthenga ta moni tija tinayamba kutuluka pakona. Mpira unawadutsa kangapo. Iwo ali phee, akuyang'ana kutsogolo.

"Ababa, simukusewera?"

Mbali yabwino ya pakamwa pawo inamwetulira pang'ono.

"Ndikudikira idzaze."

Mapepala ochonga anali mulu, madzi osamba ndinali ndisanatereke. Ndinakoka mpando n'kukhala kumanzere kwawo, pamene pamakhala pasinjala woyamba.