Mapilitsi a pamfundo ya chitenje changa

Inu owerenga, ine ndi gogo wa ku Liwaladzi, uja wa nthungululu pa ukwati uliwonse, koma lero mmero watopa. Ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga ndi manja omwe ndinamulera nawo. Zilembozi ndi za sukulu ya kwacha, mundipirire.

Mwana wanga Asiyatu, mwamuna wake atamira panyanja, anangoti zii. Kudya ayi, kusamba ayi, kuyamwitsa khanda mpaka timukumbutse. Kuchipatala kuboma anati ndi matenda a maganizo, nampatsa mapilitsi, limodzi m'mawa uliwonse. Anati amachedwa kugwira, tidikire masabata. Ine kudikirako kunandikanika.

Kwathu kuno wodwala sazondedwa chimanjamanja. Wina nthochi, wina usipa. Mnzanga wa kumzikiti anabwera ndi mapilitsi otsala a malemu amuna ake. "Anzanga, awa ndi a maganizo omwewo, bambo ankagona nawo bwino," anatero. Cha wozonda sakana. Ndinawamanga pamfundo ya chitenje pamodzi ndi anga a miyendo yotentha, amenenso amagonetsa. Mumtima ndinkati khoka salikoka munthu mmodzi, awiriwa ndi a kuchipatala aja, atatu athandizana. Ndinkawasinja m'phala lake, mwini wake osadziwa.

Tsiku lachinayi, mayo ine mayo! Asiyatu thukuta kamukamu, thupi moto, manja njenjenje, zoyankhula zosamveka. Tinati ndi malungo. Kuboma anamuyeza, malungo palibe. Adokotala anandifunsa kawiri zomwe wamwa, ine manyazi, ndinati ndi anu omwe aja. Kachitatu anandiyang'ana m'maso. "Agogo, mukabisa timutaya."

Ndinamasula mfundo ija, ndinawaonetsa mapilitsiwo. Anati atatuwo onse amagwira m'mutu, ukawaphatikiza amasanduka poizoni.

Alhamdulillah, Asiyatu anatuluka wamoyo patatha sabata. Koma mkaka unauma, mdzukulu wanga analeka bere nthawi isanakwane.

Amayi anzanga, agogo anzanga, mapilitsi a maganizo si mchere wogawana pakhomo. Otsala a malemu bwezani kuchipatala. Mukapita ndi wodwala, masulani mfundo zonse pamaso pa adokotala, ngakhale zitsamba, musabise.

Asiyatu sananditukwane, sanandinene kwa anthu. Kungoti ndikampatsa phala, amayamba walitakasa ndi supuni, kuyang'ana pansi pa mbale. Ine ndimakhala pamphasa, kudikira kuti amalize kufufuza amayi ake.