Chala cha Mkamwini

"Kodi anzanga, munda wakumtunda uja unakhala liti wa amuna anu?" anandifunsa mayi woyandikana nafe.

Ndi mmene ndinadziwira. Anthu a magetsi, pokoka mawaya ochokera ku Shire kudutsa kwathu ku Lirangwe, anawadinditsa chala bambo a mwana wanga kuti apereka malowo. Mkamwini! Munda wondisiyira amayi anga, amuna angawo anangoupeza. Ine mwiniwake ndinali pakhomo pomwepo ndikuyamwitsa, koma sanandifunse.

Ndinafuna kukalalata, koma anthuwo ankayenda ndi tcheyamani wa chipani, ndipo masiku amenewo wokana chitukuko ankangosowa. Ndinangoonerera nkhwangwa zikulira m'mundamo.

Panapita mitengo itatu ya mango, nsungwi zonse zolukira nkhokwe, ndi mizere makumi anayi ya chimanga.